Musadule r ija: nthawi yamtsogolo m'Chifalansa

Achimwene ena amene amayendetsa lole pakati pa Lusaka ndi Lubumbashi anditumizira imelo. Akuti Chifalansa akuphunzira okha akamadikira pamzere wa magalimoto pa Kasumbalesa, ndipo nthawi yatsopano ayamba kuizolowera: je parle, tu parles, il parle. Koma pofuna kuuza mwini katundu kuti adzafika Lachisanu, buku lawo likuti j'arriverai vendredi. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi rai ameneyu akuchokera kuti? Ndiyenera kuloweza mneni aliyense payekhapayekha?"

Ayi achimwene, musadzivutitse choncho. Chikukusokonezani ndi chizolowezi chimene nthawi yatsopano yakupatsani. Kumeneko mumatenga parler, n'kudula er, kutsala parl. M'nthawi yamtsogolo, imene eni ake amaitcha futur simple, simudula kanthu. Mneni mumamutenga wathunthu monga alili mu dikishonale, n'kulumikiza mathero asanu ndi limodzi awa: ai, as, a, ons, ez, ont. Ndiye kuti rai mwafunsayo si chinthu chimodzi. R ndi wa arriver, ai ndiye wobwera.

Onani parler, kulankhula:

je parlerai, tu parleras, il parlera, nous parlerons, vous parlerez, ils parleront.

Aneni ambiri othera ndi ir amayenda chimodzimodzi: je finirai, tu choisiras. Iss uja amene amakupunthwitsani mu nous finissons kuno kulibe, ndi nous finirons basi. Othera ndi re, monga vendre, attendre ndi répondre, amangotaya e wakumapeto: je vendrai, nous attendrons, ils répondront.

Tsono yang'anitsitsani mathero aja. Mumawadziwa kale, chifukwa ndi mneni avoir: j'ai, tu as, il a, ils ont. Mu nous avons ndi vous avez mwangogwa av. Izi sizinangochitika mwamwayi. M'Chilatini cha anthu wamba ankati cantare habeo, kutanthauza kuti ndili nako kuimba koti ndiimbe, ndipo m'kupita kwa zaka mawu awiriwo anamatirirana n'kukhala chanterai, ndidzaimba. Zinachitika kalekale: m'malumbiro a ku Strasbourg a m'chaka cha 842, pamene zidzukulu ziwiri za mfumu Charlemagne zinkalonjezana kuthandizana, muli kale salvarai ndi prindrai. Ifenso dza wa mu ndidzafika tinamutenga kwa mneni kudza, kungoti wathu amakhala pakati, wawo kumchira.

Kwa inu amene mumamva Chifalansa pafoni ndi pachipata kuposa kuchiwerenga, nkhani yaikulu ili m'khutu. Parleras ndi parlera amamveka mofanana, parlerons ndi parleront chimodzimodzi, ndipo parlerai ndi parlerez sasiyana kwenikweni. Amene akukuuzani wochita ndi mlowam'malo, je, tu kapena nous. Amene akukuuzani kuti ntchito sinachitike ndi r. Nous chargeons ndiye kuti tikupakira, nous chargerons tidzapakira, ndipo pakati pa ziwirizo munthu ungagone masiku angapo pa depoti. Vuto ndi lakuti olankhula mwachangu amameza e wa patsogolo pa r. J'arriverai mumumva ngati arivre, je donnerai ngati donre. Khutu liziwerengera r, osati e.

Polemba uthenga samalani s. J'arriverai ndi lonjezo. Mukaika s, j'arriverais, mwalowa m'chinthu china chotchedwa conditionnel, ndipo zamveka ngati ndikanafika kapena ndingafike zikalola. Mwini katundu wotchera khutu adzakufunsani kuti chavuta n'chiyani.

Alipo aneni ochepa osintha kalembedwe pang'ono: acheter amakhala j'achèterai, appeler amakhala j'appellerai ndi l awiri, pomwe payer amalola je paierai ndi je payerai. Awiri ochenjera nawo ndi aller ndi envoyer. Amaoneka ofatsa ngati anzawo othera ndi er, koma ndi j'irai ndi j'enverrai. Amenewa, pamodzi ndi je serai wa être, j'aurai wa avoir, je ferai wa faire ndi ena angapo, ndiwo oloweza. Ngakhale iwo, chasintha ndi tsinde lokha. Mathero ndi omwe aja, ndipo r sasowa.

Chimene mabuku ambiri amachichedwetsa, koma inu muchifuna msanga, ndi quand (pamene) ndi si (ngati). Ife timati ndikafika ndikuimbirani, popanda dza. Mfalansa pambuyo pa quand amafuna nthawi yamtsogolo mbali zonse ziwiri: quand j'arriverai à Lubumbashi, je vous appellerai. Pambuyo pa si wa ngati zitatero, amaikana: si la douane ouvre tôt, j'arriverai vendredi. Kunena si la douane ouvrira ndi kulakwitsa kumene amakumva msanga.

Mudzamvanso anthu akuti je vais arriver, je vais payer. Imeneyo ndi futur proche, aller kuphatikiza mneni wathunthu, ndipo m'macheza a tsiku ndi tsiku ndiyofala kwambiri, makamaka pa zinthu zoyandikira kapena zotsimikizika kale. Lilime likakakamira pafoni igwiritseni ntchito, palibe angakusekeni. Koma m'makalata a kampani ndi pa zikwangwani za m'maofesi mudzakumana ndi le bureau fermera, le chauffeur présentera ses documents, ndipo pamenepo mufunika kuzindikira futur simple mukangoiona.