Mafunso ndi mayankho: kudzutsa gitala yakale ya hauyani

Makalata a mwezi uno achokera kuchigwa cha Shire, ndipo onse akunena za gitala yoimbira pamiyendo, ija akuluakulu amati hauyani. Dzinali ndi la Hawaii, kumene kunayambira kaimbidwe kotsetsereza chitsulo pansambo.

FUNSO: Akulu, ndili ndi hauyani yamagetsi yolembedwa Guyatone, ya malemu agogo. Inamira pa madzi a namondwe Freddy mu 2023 ndipo chiumire yangoti zii. Kalipentala wina akuti aipale ndi sandipepa, aipake vanishi, kenako tigule pikapu yatsopano. Ndivomere? (Wowerenga wa ku Bangula)

YANKHO: Musavomere, achimwene. Vanishi sadzutsa mawu, ndipo pikapu simunaiyeze kuti mudziwe ngati yafadi. Magitala a ku Japan amenewa ndi osavuta mkati: pikapu (kachipangizo kotola mawu pansi pa nsambo), zokwezera mawu zimene amisiri amati mapoti, kapasita imodzi (kachipangizo kosefa mawu) ndi jeki (polowetsa chingwe), basi.

Masulani nsambo zonse, mutsegule chivundikiro, ndipo musanakhudze kanthu jambulani mawayawo ndi foni. Matope ouma muwachotse ndi mswachi wouma. Kenako bwerekani multimeter kwa wokonza mawailesi, muiike pa 20k ya ma ohm. Lowetsani chingwe mu jeki, voliyumu mutsegule yonse, muyeze pansonga ndi pakhosi pa pulagi ya mbali inayo. Mukapeza pakati pa 4 ndi 10, pikapu ili moyo. Mita ikangoima pa 1 kapena OL, musataye mtima: yezaninso pa mawaya awiri otuluka mu pikapu mwenimwenimo. Nthawi zambiri wolakwa amakhala jeki wochita dzimbiri kapena poti yodzaza matope.

Jeki mumupale ndi sandipepa wosalala wa nambala 600 wopiringiza ngati ndudu. Mu poti mupoperemo contact cleaner, mankhwala otsukira zamagetsi, muizungulize uku ndi uku kangapo konse mpaka kukhwekhwereza kuthe. Mafuta ophikira kapena oyilo wa njinga ayi, amaitana fumbi. Ikakanika, gulani ya nambala yomwe yalembedwa kumsana kwake, kawirikawiri 250k kapena 500k. Kapasita yakale yapepala imamwa chinyezi n'kuphimba mawu. Ngati inali yolembedwa .05, ikani yatsopano yolembedwa 473. Zakalezo muzisunge m'kajumbo, ndi mbali ya gitalayo.

Nanga pikapu ikakhala kuti yadukadi? Waya wake ndi wopyapyala ngati tsitsi, pafupifupi 0.06 mm, wokulungidwa maulendo masauzande. Amakonda kudukira pamene anawotchereredwa ku waya wamkulu, choncho yambani mwatenthetsanso pamfundo pamenepo kwa masekondi awiri kapena atatu. Ngati wadukira kunja, sombolani mizere ingapo, mupale nsonga mosamala, muwotcherere. Wodukira mkati ndiye wofunika kukulunga mwatsopano, koma osati ndi waya wa okonza mamota. Umenewo ndi wonenepa, umalowa mizere yochepa, ndipo gitala imangonong'ona.

Za pentiyo, ming'alu yaing'onoing'ono ija siichotsa mawu, ndipo gitala yakale yopalidwa imagwa mtengo. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi a m'batire ogula kusitolo (osati asidi). Mijigo yambiri ya ku Nsanje ndi Chikwawa imatulutsa madzi amchere, amene amadyetsa zitsulo dzimbiri. Sipiliti ndi thinazi zimasungunula penti wakale pompopompo. Ikadzanyowanso, iumire pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata awiri kapena atatu. Dzuwa la kuno limang'amba thabwa.

FUNSO: Tizogwirira ta makiyi ochunira tikuyoyoka ngati shuga, ndipo zitsulo zoyandikana nato zabiriwira. Ndi chiswe? (Mayi wa kwaya ku Ngabu)

YANKHO: Si chiswe, mayi. Tizogwirira timeneto ndi ta pulasitiki yakale yotchedwa celluloid. Ikakalamba imaola, n'kumatulutsa mpweya wa asidi umene ukudya zitsulozo. Kutentha kwa m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala kumafulumizitsa zimenezi, makamaka gitala ikatsekeredwa m'bokosi lake.

Phwanyani totsalato ndi pulayala, mupale kamtengo kachitsulo kayere. Makiyi enieniwo musataye. Ngati mwapeza tizogwirira tatsopano ta pulasitiki, tenthetsani kachitsuloko ndi chowotcherera kwa masekondi 20 kapena 30, mukankhirepo kachogwirira mowongoka, musiye kazizire. Ngati palibe, semani nyanga ya ng'ombe, ku Ngabu sisowa, muboole, mumate ndi guluu wa epoxy. Pa mano a kiyi aliyense dontho limodzi la mafuta a makina osokera likwanira. Bokosilo lisiyeni chotsegula masiku angapo.

FUNSO: Gitala yanga yabokosi inapindika khosi moti zala sizingatsindikenso nsambo. Ingasanduke hauyani? Ndichune bwanji? (Mnyamata wa kabaza ku Nchalo)

YANKHO: Imeneyo ndiye yoyenera, chifukwa pa hauyani nsambo sizifika pa mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi tija. Kwezani mtsamiro wa kumutu, uja amati nut, kuti nsambo zitalikire thabwa ndi sentimita imodzi. Fupa la ng'ombe kapena kachidutswa ka aluminiyamu kokhota ngati L kamagwira ntchito. Pamene ambiri amaphonya ndi pocheka mipata. Chofunika kulingana ndi pamwamba pa nsambo, osati pansi, ndiye kuti mpata wa nsambo yonenepa ukhale wakuya kuposa wa yopyapyala. Gonekani rula pansambo zonse zisanu ndi imodzi: ikasiya ina osaikhudza, imeneyo izidzalira ngati njuchi. Mtsamiro wa pamimba nawonso ukhale wathyathyathya.

Chunani D A D F# A D kuyambira ku yonenepa. Machunidwe amenewa sakoka kwambiri, ndipo gitala yabokosi yotchipa imawapirira. Mukaona mimba ikutukumuka kumbuyo kwa mtsamiro, masulani msanga. Mudzamvanso za C6, yomwe ndi C E G A C E, yokoma pa nyimbo zoyenda pang'onopang'ono. Imeneyo imafuna nsambo zakezake, zonenepa kuyambira .036 kutsika mpaka .015 ya inchi. Mukakoka nsambo wamba yonenepa kuti ifike pa C ameneyo idzaduka, mwinanso kuzula mtsamiro.

Za chotsetsereza pansambo, botolo limaimba, inde, koma ndi lopepuka ndipo mawu amafa msanga. Pitani kugalaja mukapemphe pini ya pisitoni yosakandika, yonenepa pafupifupi 19 mm, yotalika masentimita 7 kapena 8. Chitsulocho chiziima pamwamba penipeni pa fureti, osati kumbuyo kwake monga zimachitira zala, ndipo chala chimodzi chizikhwekhwereza kumbuyo kwake kuti chiphe phokoso. Yezaninso kuti fureti ya 12 ili pakati penipeni pa mitsamiro iwiriyo. Ikasemphana, maso azikunamizani.

FUNSO: Ndapeza ampu (chokuzira mawu) yaing'ono ya mavavu agalasi ya ku America imene inabwera ndi hauyani. Ndingoilumikiza kukhoma? (Mkulu wa mpingo ku Makhanga)

YANKHO: Ayi, bambo, chonde. Ya ku America imafuna 110V mpaka 120V, pamene magetsi athu ndi 230V; ipsa nthawi yomweyo. Choopsa china n'chakuti maampu ena otchipa a nthawi imeneyo alibe thiransifoma yolekanitsa magetsi a kukhoma ndi chitsulo cha ampuyo. Chitsulocho chimalumikizana ndi nsambo kudzera pachingwe, nsambozo zili pamiyendo panu, inu mwaponda pansi ponyowa. Thiransifoma wamba ya step-down imangotsitsa mphamvu, siilekanitsa. Itengereni kwa mmisiri wodziwa mawailesi a mavavu, mumuuze aone ngati ikufunika thiransifoma yolekanitsayo (isolation transformer), asinthe makapasita akuluakulu, aikenso chingwe cha mano atatu chokhala ndi waya wa efi (earth). Inuyo musapisemo dzanja ngakhale itazimitsidwa, chifukwa makapasitawo amasunga moto kwa nthawi.