Kodi Dziko Ndi Lozungulira Kapena Lobulungira?

FUNSO: Mwana wanga ali Sitandade 6. Pa mayeso anafunsidwa maonekedwe a dziko lapansi, iye n'kulemba kuti "ndi lozungulira". Aphunzitsi anathetha yankholo n'kulemba pambali kuti "lobulungira". Ine chibadwire ndimamva anthu akunena kuti dziko ndi lozungulira. Walakwa ndani?
Mayi wa ana atatu, Nkhotakota

YANKHO: Mayi, aphunzitsiwo musawakwiyire. Funso linali la maonekedwe, ndipo pamenepo "lobulungira" ndiye yankho lolunjika. Mwana wanu sananame, kungoti mawu amene anasankha amasenza katundu wambiri.

Tengani ndalama yachitsulo ya K10 ndi lalanje, muziike patebulo. Mukayendetsa chala m'mphepete mwa ndalamayo, mubwerera pomwe munayambira osakumana ndi ngodya. Imeneyo ndi yozungulira. Koma mukaiimika n'kuiyang'ana cham'mbali, muona kamzere chabe. Lalanje litembenuzeni mmene mungathere, silisintha. Limenelo ndi lobulungira. Mkombero wa lichero, nkhata yosenzera madzi, tayala la njinga ndi bwalo limene amayi amapanga povina chimtali, zonsezi ndi zozungulira. Mpira wachikulunga wa ana ndi wobulungira, ndipo inu nomwe mukatema mbamu ya nsima mumaibulunga kaye m'dzanja musanasuse.

Kuzungulira kwenikweni ndi nkhani ya kuyenda. Timazungulira nyumba, timadzera njira yozungulira mlatho ukakokoloka, timaitana anthu a m'midzi yozungulira kumaliro. Munthu akabwera kudzapempha ngongole n'kuyamba ndi za mvula ndi za mitengo ya feteleza, timamudula kuti, "Musazungulire, nenani chimene mwadzera." Wodwala malungo amadandaula chizungulire, ndipo amene nzeru zamusokonekera timati wazungulira mutu. Kubulungira kulibe maulendo onsewa. Kumangonena za thupi la chinthu, basi.

Tsono dziko lili ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake timasokonezeka. Limazungulira palokha kamodzi pa maola 24, ndiye timakhala ndi usana ndi usiku. Limazunguliranso dzuwa kamodzi pa masiku 365 ndi maola pafupifupi 6, ndipo maola otsalawo ndi amene amatipatsa tsiku la 29 February pakatha zaka zinayi. Anthu nawonso amalizungulira: gulu la amalinyero la Ferdinand Magellan linanyamuka ku Spain mu 1519, ndipo otsala a gululo anabwerera kwawo mu 1522 atadzera mbali ina, Magellan mwiniwake atafera ku Philippines. Ndiye palinso chija akuluakulu amanena wina akamanyoza mnzake amene wagwa m'mavuto, kuti "dziko ndi lozungulira". Iwo sanena za jogalafe ayi, akuchenjeza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikukhulupirira kuti apa m'pamene ambiri tinawatola mawuwa.

Ine ndimaima ndi aphunzitsi pa chifukwa chimodzi. Mwana akanena kuti dziko ndi lozungulira, simungadziwe chimene ali nacho m'mutu. Mwina akuona mpira, mwina akuona mbale yafulati yokhala ndi malekezero oti munthu n'kugwerako. Akanena kuti lobulungira, palibenso chokayikitsa. Kuthetha kokha sikukwanira, komabe. Mwana amafunika kuona ndi maso ake.

Inu muli ndi mwayi chifukwa nyanja muli nayo pafupi. Tsiku lopanda nkhungu, pitani naye kugombe, muyang'anitsitse boti lalikulu likamatalikira. Limayamba kubisika kunsi, pamwamba pakuonekabe, chifukwa madziwo akutsata kupindika kwa dziko. Usiku zimitsani nyale, muyatse tochi, muunike ndalama ija ndi lalanje pakhoma uku mukuzitembenuza. Chithunzithunzi cha ndalama chizisinthasintha mpaka kukhala kamzere, cha lalanje chikhala chimodzimodzi. Mukatero muuzeni za kadamsana wa mwezi. Pa nthawiyo dziko limakhala pakati pa dzuwa ndi mwezi, ndipo chithunzithunzi chake pamwezi chimakhala chokhota nthawi zonse. Aristotle, katswiri wakale wa nzeru zakuya wa ku Greece, anagwiritsa ntchito umboni womwewu zaka zoposa 2,300 zapitazo.

Akadzafika ku sekondale adzamuuzanso kuti kubulungirako si kwathunthu. Dziko ndi lotupa pang'ono pakati ndi lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kummwera kwenikweni, chifukwa cha kuzungulira kwake komweko. Kuboola pakati kudzera pa Equator, mzere wongoyerekeza wozungulira dziko pakati, ndi makilomita pafupifupi 12,756, pamene kuchokera ku North Pole kukatulukira ku South Pole ndi pafupifupi 12,714. Kusiyanako n'kochepa kwambiri moti pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga diso silingakuone.