Mafunso ndi Mayankho: Nsambo za 9, 10 kapena 11 pa gitala yamagetsi?

Makalata a mwezi uno achuluka ochokera kuchigwa cha Shire, ndipo ambiri akufunsa za nsambo za gitala yamagetsi. Tasankhapo awa.

Funso: Akonzi, ndimaimba lidi mu bandi ya kutchalitchi kwathu. Ulendo wapita ndinatuma mnzanga nsambo ku Blantyre, wogulitsa n'kumufunsa kuti "za 9 kapena za 10?" Iye anasowa choyankha. Manambalawa akutanthauzanji, nanga ine ndizigula ziti? Gitala yanga ndi ya mtundu wa Stratocaster, ngakhale si ya Fender yeniyeni. Woimba lidi, Nchalo.

Yankho: Achimwene, nambalayo ikunena za kunenepa kwa nsambo yoyamba, ija yowonda kwambiri ya E. Inchi imodzi amaigawa zigawo 1,000, ndiye nsambo ya 9 ndi zigawo 9, pafupifupi mamilimita 0.23, pomwe ya 10 ndi mamilimita 0.25. Pa paketi amalembapo yowonda ndi yonenepa kwambiri. Mu 9-42 mumakhala 9, 11, 16, 24, 32 ndi 42. Mu 10-46 mumakhala 10, 13, 17, 26, 36 ndi 46. Kwa kampani yopanga nsambo ya Ernie Ball yoyambayo ndi Super Slinky, yachiwiriyo Regular Slinky. Kwa D'Addario ndi EXL120 ndi EXL110. Mnzanuyo mumulembere manambala onse awiri papepala, chifukwa palinso 9-46, yomwe nsambo zake zitatu zazikulu ndi za mu paketi ya 10.

Ndi maso simungasiyanitse, koma zala zimadziwa. Nsambo yonenepa imafuna kukungidwa kwambiri kuti ifike pa noti yomweyo. Pa gitala ngati yanuyo, E ya 9 imakoka makilogalamu pafupifupi 6, ya 10 imapitirira pang'ono 7, ya 11 imayandikira 9. Zonse zisanu ndi imodzi zikamangidwa, 9-42 imakoka khosi la gitala ndi makilogalamu pafupifupi 38, pomwe 10-46 imafika cha m'ma 46.

Kutalika kwa gitala nakonso n'kofunika. Yezani kuchokera pa nut, kafupa kaja kamene nsambo zimadutsapo kumutu, kufika pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa ta pa khosi la gitala), muchulukitse kawiri. Za mtundu wa Stratocaster ndi Telecaster mupeza mamilimita 648, za mtundu wa Les Paul 628. Nsambo zomwezo zimalimba kwambiri pa yaitaliyo, n'chifukwa chake munthu wozolowera 10 pa Les Paul amadandaula zala akabwereka Stratocaster ya mnzake.

Tsono kwa inu. Ngati lidi yanu ndi yothamanga, ya sungura kapena rumba, yoimbira kufupi ndi mimba ya gitala, komanso mumakonda kukankha nsambo kuti noti ikwere, gulani 9-42. Ngati dzanja lanu lamanja ndi lolemera ndipo nthawi zambiri mumamenya makodi, 10-46 ikusungirani chuni bwino. Vuto la 9 ndi loti imamvera chilichonse. Mukaidinikiza mwamphamvu noti imakwera pang'ono, makamaka pa G, ndipo kodi imamveka yopotoka ngakhale mwangochuna kumene. Mukaimenya mwaukali imagwedezeka motakata n'kumakwecha mafureti.

Zoti nsambo zonenepa ndizo zimatulutsa mawu aakulu musazitengere pamtima. Katswiri wa gitala wa ku America, Stevie Ray Vaughan, ankaimba ndi 13, koma atatsitsa gitala yonse ndi theka la toni. Billy Gibbons wa bandi ya ZZ Top amaimba ndi 8 ngakhale 7, koma mawu a gitala yake ndi odzaza ndithu. Mapikapu (tizipangizo ta pansi pa nsambo totola mawu), ampulifaya ndi dzanja la woimba ndizo zimasintha mawu kwambiri. Sankhani nambala imodzi, mukhazikike pomwepo, ndipo potuma munthu kukwera phiri kudzera pa Thabwa, abwere ndi mapaketi awiri komanso E ndi B zapadera. Kusinthasintha nambala kuli ndi mtengo wake, monga muone pa funso la anzanu a ku Ngabu.

Funso: Gitala yanga inabwera ndi nsambo za 9. Zitatha ndinangopeza za 11, ndinaika zomwezo. Pano buliji yatukuka kumbuyo, nsambo zatalikirana ndi mafureti, ndipo pochuna G imalira kuti "ting" n'kudumpha noti. Kodi ndaiwononga? Wa bandi, Ngabu.

Yankho: Ayi bambo, sinawonongeke, yangolemedwa. Kuchoka pa 9-42 kufika pa 11-49 mwawonjezera makilogalamu pafupifupi 15. Mukonze motsatana monga tanenera pansipa, chifukwa chilichonse chimasuntha chinzake, ndipo muzichuna gitala mukamaliza chimodzi musanayambe china.

Yambani ndi buliji, chitsulo chimene nsambo zimakoledwapo pa mimba ya gitala. Tsegulani kachivundikiro ka pulasitiki kumsana kwa gitala. Mupeza masipuling'i, kawirikawiri atatu, okoledwa pa kachitsulo komangidwa ndi masikuluwu awiri aatali. Masipuling'iwo ndiwo amalimbana ndi nsambo, ndipo panopa agonja. Mangani masikuluwu onse awiri mofanana, theka la kuzungulira, chunani, onaninso. A Fender amalangiza kuti kumbuyo kwa buliji kutukuke mamilimita pafupifupi 3. Ngati kandodo kogwedezera kaja simukagwiritsa ntchito, ife tingati mangani mpaka buliji igone pathabwa, ngakhale kuwonjezerapo sipuling'i yachinayi. Ikagona chotero, nsambo imodzi kuduka pakati pa nyimbo zinazo sizisokonekera chuni.

Kenako khosi. Ikani kapo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pamodzi, pa fureti yoyamba, dinikizani E yaikulu pa fureti yomaliza, muyang'ane mpata wa pakati pa nsamboyo ndi fureti ya 8. Ukhale mamilimita pafupifupi 0.25, ndipo choyezera chake n'chosasowa: kachidutswa ka nsambo ya 10 kazilowa mongokhudza. Mpatawo ukakula ndiye kuti khosi lapindikira kutsogolo, ndipo muyenera kumanga truss rod, chitsulo chija cha m'kati mwa khosi. Khwefulaniko nsambo, tengani Allen key yokwana bwinobwino, mutembenuzire kumanja monga mumangira sikuluwu, osapitirira kota ya kuzungulira. Chunani, isiyeni maola angapo, yezaninso. Ikakana kutembenuka musaikakamize. Chitsulochi chikathyoka kapena mutu wake ukadyeka, ndalama yokonzetsera itha kukwana kugula gitala ina.

Khosi likawongoka, yezani mpata wa pa fureti ya 12: mamilimita pafupifupi 1.6 pansi pa E yaing'ono ndi 2 pansi pa E yaikulu ndi poyambira pabwino. Mumakweza kapena kutsitsa ndi tisikuluwu tiwiri ta pa saddle, kachitsulo kamene nsambo iliyonse imatsamirapo pa buliji.

"Ting" uja akuchokera pa nut. Timipata take tinadulidwira nsambo zowonda, ndiye G ya 18, ya mu paketi ya 11, ikupanikizika, kenako n'kupulumuka kamodzin'kamodzi. Pekeserani khala la pensulo m'kampatako. Ikapitiriza, kulitsani m'mbali mokha ndi sandipepala yosalala yopinda pawiri. Musakumbe pansi, chifukwa mukatero nsambo idzayamba kukwecha fureti yoyamba ndipo mudzafunika nut ina.

Chomaliza, chunani nsambo osaigwira, kenako muigwire pa fureti ya 12. Noti ikakwera kupitirira, bwezani saddle m'mbuyo, kutali ndi khosi. Ikatsika, isunthireni kutsogolo. Nsambo zonenepa kawirikawiri zimafuna kubwezedwa m'mbuyo.

Koma tikufunseni: 11 mukuifunadi, kapena inangokupezani? Ngati inangokupezani, bwererani ku 9 musanakhudze nut. Masikuluwu amabwezeka, koma mpata mukaukulitsa wakula basi.

Funso: Nsambo yanga yaing'ono ya E sichedwa kuduka, ndipo zonse zimachita dzimbiri pakangopita masabata ochepa. Anzanga akuti ndichoke pa 9 ndipite pa 11. Ndiwamvere? Takhuta. Mnyamata wa gitala, Nsanje.

Yankho: Musafulumire, achimwene. Nsambo ya 11 ndi yolimba kuposa ya 9, n'zoona, koma imakungidwanso kwambiri mwa muyeso womwewo, ndiye pa chuni cha E zonse ziwiri zimakhala pa mtunda wofanana ndi podukira. Chomwe yonenepa imaposa nacho ndi kupirira kachilonda ndi mkwapulo wa piki. Choyamba n'kuona malo amene ikudukira, chifukwa ndiwo amaulula wolakwa.

Ikamadukira pa saddle nthawi zonse, pamenepo pali kamphepete kakuthwa kamene nsambo zakale zinasema; salazani ndi sandipepala ya nambala 600 kapena yosalala kuposa apo. Ikamadukira kumutu, pa kachitsulo kokulungirapo, yang'anani pakamwa pa kabowo kake, komanso kakulungidwe kanu. Nsambo zowonda zizungulire kanayi kapena kasanu, zazikulu kawiri kapena katatu, mizere ikutsikira pansi popanda kukwerana. Ikamadukira pakati, pamene zala zimayendapo, wolakwa ndi dzimbiri kapena fureti yokumbika.

Dzimbiriyo ndiye mdani wamkulu kwanuko. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, thukuta la m'manja lili ndi mchere, ndipo mvula ikayamba chinyezi cha kumtsinje chimamaliza ntchito. Sambani m'manja n'kuumitsa musanagwire gitala. Mukatha kuimba, lowetsani kansalu kouma pansi pa nsambo, mutsine imodziimodzi n'kukoka kuyambira pa buliji mpaka pa nut. Litsiro lambiri limabisala kunsi, kumene anthu sapukuta. Mafuta ophikira musapakepo, amamata fumbi n'kupha mawu. M'chikwama cha gitala muikemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo gitalayo isagone yotsamira khoma lonyowa kapena kuyenda padzuwa pamwamba pa minibasi.

Pogula, sankhani zomatidwa m'kathumba kosalowa mpweya, chifukwa za m'timapepala chabe zitha kuchita dzimbiri zili m'sitolo momwemo. Zokutidwa, monga za Elixir, ndi zodula koma zimakhalitsa kwa munthu wa thukuta. Za stainless steel nazo zimapirira chinyezi, kungoti mawu ake ndi akuthwa ndipo zimadya mafureti msanga kuposa za nickel. Chenjeraninso ndi zachinyengo zolembedwa mayina otchuka. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikani.

Funso: Ndimatsogolera kwaya ya amayi. Mwana amene amatiimbira gitala anatsitsa nsambo zonse ndi toni yathunthu kuti mawu athu azifikapo, koma tsopano zikumveka zokhwepa ndi zosasa. Titani? Mayi wa kwaya, Chikwawa.

Yankho: Mayi, mwanayo sanalakwitse, nsambo zake ndizo zachepa. Kutsitsa ndi theka la toni kumachotsa magawo pafupifupi 11 pa 100 alionse a kukungika kwa nsambo, ndipo toni yathunthu imachotsa pafupifupi 21. Choncho nsambo za 11 zotsitsidwa kufika pa D zimamveka m'zala ngati za 10 pa chuni cha masiku onse. Ngati panopa ali ndi 9, akwere pa 10-46. Ngati ali ndi 10, akwere pa 11-48 kapena 11-49. Poti amamenya makodi basi, angakondenso paketi yokhala ndi G yokulungidwa ngati nsambo zazikulu zija, yomwe imasunga kodi yowongoka ngakhale ndi yovuta kukankha. Izi zikhale choncho ngati gitalayo izikhala yotsitsidwa nthawi zonse. Ngati ndi nyimbo ziwiri zitatu zokha, abweze chuni pa E, aphunzire makodi a kiyi imene mumaimbayo, kapo imuthandize.

Funso: Ndamva kuti a rumba amachotsa nsambo ya D n'kuikapo yowonda. Amaika nambala yanji? Woimba rizimu, Bangula.

Yankho: N'zoona, ndi kachunidwe kamene oimba a ku Congo amati mi-composé. Pamalo pa nsambo yachinayi amaikapo E yaing'ono yachiwiri n'kuichuna pa D wapamwamba, toni imodzi pansi pa nsambo yoyamba. Poti yatsitsidwa, ikani yonenepako pang'ono: 10 ngati paketi yanu ndi ya 9, 11 ngati ndi ya 10. Kampata ka pa nut ndi kotakata ndiye nsamboyo itha kusewera n'kumasasa. Kachidutswa ka pepala kopinda pansi pake kamathandiza. Saddle yake isunthireni kutsogolo mpaka noti ya pa fureti ya 12 igwirizane.

Funso: Kuno nsambo za gitala yamagetsi sizipezeka. Ndingaike za gitala ya bokosi, kapena waya wa mabuleki a njinga monga timachitira pa banjo? Wophunzira, Marka.

Yankho: Mapikapu amagwira ntchito ndi maginito, ndiye amamva chitsulo chokha. Nsambo zowonda za gitala ya bokosi ndi zachitsulo ndipo zigwira ntchito, bola muone nambala, poti zambiri zimayambira pa 11 kapena 12. Zazikulu zija ndi zokulungidwa ndi mkuwa umene maginito saukoka, ndiye zidzamveka motsika pomwe zowondazo zikukuwa. Za nayiloni sizimveka n'komwe. Waya wa mabuleki amamveka, koma amatuluka wopotanapotana, sachunika mofanana pa mafureti onse, ndipo amakanda mafureti. Pangozi, njira yabwino ndi kulumikiza yodukayo: ikadukira ku buliji, masulani yotsala kumutu, muikolekenso pa kamkanda kake kaja n'kuipota kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ndi pulayala. Ndipo posintha nsambo, zakale zosaduka musataye. Zipukuteni, muzikulunge, muzisunge m'chikwama mutalemba nambala ya iliyonse.