Ndalama zophunzitsira aphunzitsi nkhani ya Ayuda, achemwali ndikuyankheni

Achemwali, funso lanu lija loti bwanji boma kuno ku England likumatulutsa ndalama zophunzitsira aphunzitsi nkhani ya kuphedwa kwa Ayuda pomwe mabuku alipo kale, komanso bwanji za ukapolo ndi atsamunda sazichitira chimodzimodzi, ndaona ambiri angoyankha ndi ma emoji ndiye ine ndiyankhe motalikirapo, mundipirire.

Mwana wanuyo akuphunzira zimenezi ku Year 9 chifukwa ndi lamulo, Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda kuja, inalowa mu silabasi ya England mu 1991 ndipo sukulu zotsatira silabasi ya boma sizingaidumphe. Koma lamulo limangoti phunzitsani, silinena kuti mphunzitsiyo akuidziwa nkhaniyo. Aphunzitsi ambiri a hisitole sanaiphunzire mozama ku yunivesite, ena amene amaigwira ndi a English kapena a zachipembedzo, nde amaphunzitsa zomwe anaona mu filimu basi. Zotsatira zake zinaoneka mu 2016 pomwe a Centre for Holocaust Education pa yunivesite ya UCL ku London anatulutsa kafukufuku wa ana a sekondale pafupifupi 8,000. Ana 68 pa 100 aliwonse samadziwa kuti antisemitism, kutanthauza kudana ndi Ayuda, ndi chani, oposa theka amaganiza kuti anthu ambiri anaphedwera mu Germany momwemo pomwe malo akuluakulu opherako anthu, Auschwitz, Treblinka, Sobibor, Belzec, anali mu Poland yomwe Germany inalanda, ndipo mwa Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa pafupifupi 3 miliyoni anali a ku Poland. Ndiye ambiri ukawafunsa anachita ndani, yankho linali loti Hitler, iye yekha. Ambiri mwa awatu ndi ana oti nkhaniyi anaiphunzira kale mkalasi.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti ndalamazo sizikutayika. Mwana akatuluka mkalasi akuganiza kuti kunali wamisala mmodzi wa ndevu zapamphuno amene anapha anthu 6 miliyoni, sanaphunzire kanthu, chifukwa munthu mmodzi sangayendetse sitima zonse zija, kulemba mayina, kulondera mageti ndi kugula katundu wa aneba atawatenga. Mphunzitsi amene anaphunzitsidwa bwino amayambira kutali, 1933 chipani cha Nazi chitatenga boma Ayuda anayamba kuchotsedwa ntchito za boma, 1935 malamulo a Nuremberg anawalanda unzika ndi kuletsa ukwati pakati pa Myuda ndi Mjeremani, November 1938 masunagoge anatenthedwa mashopu kuphwanyidwa apolisi akungoyang'ana, kenako 1941 kuwombera kwenikweni kunayamba, ku Babi Yar pafupi ndi Kyiv anapha anthu 33,771 masiku awiri okha. Ndipo pali nkhani ina imene ana amadabwa nayo kwambiri, ambiri amakhulupirira kuti msilikali akakana kuwombera naye amaphedwa ndiye analibe kuchitira mwina. Koma mu July 1942 pa mudzi wa Józefów ku Poland, mkulu wa gulu la apolisi lotchedwa Battalion 101, Wilhelm Trapp, anauza anthu ake kuti amene sakufuna kukawombera Ayuda atuluke pamzere. Mwa amuna pafupifupi 500, amene anatuluka nthawi imeneyo anali khumi ndi angapo basi, ndipo sanaphedwe. Otsalawo anapita kukawombera, anthu wamba, abambo a mabanja, ambiri ochokera ku Hamburg. Mphunzitsi amene sakuzidziwa zimenezi mwana akamufunsa amangovomera kuti eya amawakakamiza, bodza nkupitirira.

Palinso kaphunzitsidwe. Ena pofuna kuti ana amve chisoni amawaonetsa zithunzi za mitembo yowunjikana ana a zaka 13, ena amagawa kalasi kuti awa akhale Ayuda awa akhale a Nazi ngati sewero, zomwe akatswiri a nkhaniyi amaletsa ndithu. Ndiye poti anthu amene anapulumuka, omwe amayenda m'masukulu kufotokoza okha, akutha ndi ukalamba, mtolo wonse ukutsalira mphunzitsi, uku ana akukumana ndi mavidiyo pa TikTok onena kuti zonsezi nzabodza.

Musaganizenso kuti ndi mawekishopu akwathu aja opita kunyanja kukasaina alawansi ayi. Ku UCL ndalama zimachokera ku unduna wa zamaphunziro pamodzi ndi bungwe la Pears Foundation, mphunzitsi amaphunzira ulere, ndalamazo zimalipira ophunzitsawo, kafukufuku ndi zipangizo za mkalasi. Ku America anakhazikitsa lamulo mu 2020 lotchedwa Never Again Education Act, madola 10 miliyoni pa zaka 5 kupita ku museum ya Holocaust ya ku Washington, mukagawa ndi kukula kwa dziko lija ndi ndalama yochepa zedi. Kwina zimachokera ku Claims Conference, bungwe lomwe linayamba mu 1951 kukambirana ndi Germany za chipukuta misozi.

Tsopano mbali yachiwiri ya funso lanu, apa ndikugwirizana nanu ndipo musalole wina akuuzeni kuti kufunsa zimenezi ndi kudana ndi Ayuda. Mu silabasi ya hisitole ya ana a msinkhu umenewu, malonda a akapolo ndi ufumu wa Britain zinangolembedwa ngati zitsanzo zomwe sukulu ikhoza kusankha kapena kusiya, nde mwana wa Mmalawi akhoza kumaliza sekondale osamvako dzina la Nyasaland. Chimenecho nchodandaulitsa. Koma mankhwala ake si kulanda ndalama za uku, ndi kukakamira kuti zinazo nazo zipatsidwe ndalama ndi aphunzitsi odziwa. Anzathu a ku Joni atha kuchitira umboni, South Africa inaika Holocaust mu silabasi mu 2007, Grade 9 ndi Grade 11, ndipo malo a Johannesburg Holocaust & Genocide Centre amaphunzitsa aphunzitsi nkhani ya Ayuda pamodzi ndi ya Rwanda ya 1994 pomwe anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa masiku 100, wailesi ikuwatchula Atutsi kuti mphemvu. Komanso Germany yomweyo inayamba kupulula Aherero ndi Anama ku Namibia 1904 mpaka 1908, inadzavomera mu 2021 kuti kunali kupulula mtundu, mphunzitsi wozindikira amalumikiza zimenezi mwana wa ku Africa nkuona kuti nkhaniyi si ya azungu okhaokha.

Nde pa parents evening ikubwerayi mukafunse mphunzitsi wa hisitoleyo ngati anapitako ku maphunziro a UCL aja, ndipo mukamufunsenso kuti za ukapolo ndi atsamunda aziphunzitsa temu iti, ma lesson angati. Akayamba chibwibwi pitani kwa hedi wa dipatimenti, makolo mukakhala angapo amamva msanga.