Magetsi a ku Songo amathawiranji ku Joni?

Bambo wina wa ku Ulongwe wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Damu la Cahora Bassa lili kwathu konkuno ku Tete, nanga magetsi ake amathawiranji ku Joni? Mtunda wonsewo sathera panjira?"

Bambo, tiyambe ndi damulo. Ku Songo, komwe kuli damuli, kuli makina asanu, aliwonse otulutsa mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Madzi a Zambezi akatsika n'kupukusa makinawo, pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu yake amasanduka magetsi. Malasha ngati a ku Moatize sangafikepo. Amayamba awotchedwa, madzi awire, nthunzi ipukuse makina, ndipo chofika pa waya chimangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Chotsalacho chimauluka ndi kutentha. Damu lathuli siliwononga ayi, limangoopa chilala.

Zothera panjira musade nazo nkhawa kwambiri. Nthambo yochoka ku Songo kukafika ku siteshoni ya magetsi ya Apollo, kufupi ndi Johannesburg, ndi yotalika makilomita pafupifupi 1,400, koma imanyamula magetsi a DC, oyenda molunjika mbali imodzi, pa mavoti oposa 500,000, dala kuti otayika achepe.

Nanga kuthawirako? Apwitikizi poyamba kumanga damuli mu 1969 anali atapeza kale wogula, dziko la South Africa, n'chifukwa chake nthambo yaikulu inaloza kum'mwera. Mozambique inatenga ulamuliro wa HCB, kampani yoyendetsa damuli, mu 2007, koma kusaina pepala sikutembenuza nthambo.

Ine kugulitsako sindikuonapo cholakwa. Kuyambira 1995 maiko a kuno kum'mwera amagulitsana magetsi kudzera mu mgwirizano wa Southern African Power Pool, wotsala nawo kupatsira woperewera. Taonani abale athu kutsidya kwa malire ku Malawi: namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022 anakhala miyezi m'mdima, ife magetsi tili nawo, koma popanda nthambo yaikulu yowapatsira. Nthambo ya makilomita 218 yochoka ku Matambo, konkuno ku Tete, kupita ku Phombeya, m'boma la Balaka ku Malawi, cholinga chake n'kutseka mpata umenewo.

Chimene chimasiya mudzi wanu m'mdima ndi china. Nthambo yaikulu ikhoza kudutsa pamwamba pa munda wanu, koma simungayatsire babu. Pamafunika siteshoni yotsitsira mphamvu, thiransifoma, mapolo, mita, ndipo zonsezi n'zandalama. Ndikanakhala inu, ndikanafunsa kuti ndalama zochokera ku Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, zagula mathiransifoma angati ku Angónia ndi ku Tsangano.