Makiyi musapereke, Mayi

Mayi,

Pepani ndi zovutazo. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati amuna anu anatisiya miyezi inayi yapitayo, ndipo mwatsala ndi ana atatu m'nyumba ya Malawi Housing muno mu Blantyre, momwe mwakhalamo zaka 11. Nyumbayo ili m'dzina la malemu. Alamu anu, akulu awo a malemuwo, anyamula kale firiji ndi wailesi ya kanema, ati akukasunga, ndipo akuti mwezi uno ukatha mupereke makiyi muzipita kwanu poti kusudzula kunachitika. Mwafunsanso ngati mungalembedwe pa Mtukula Pakhomo, ndi zomwe mungachite poti mayi anu kumudzi anangosiya kulandira ndalamazo osauzidwa chifukwa.

Makiyi musapereke. Nyumbayo si ya malemu, ndi ya Malawi Housing Corporation, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Amuna anu ankachita lendi basi. Chinthu chomwe sichinali cha malemu, achibale sangachiike pamphasa n'kumagawana ngati malaya ndi nsapato. Kusudzula ndi mwambo, ndipo sindikuunyoza: kumamasula inu kubanja lachimuna kuti muyende ndi mtima umodzi. Koma mwambowu sukhudza mgwirizano wa lendi ngakhale pang'ono. Munthu amachotsedwa m'nyumba ndi mwini nyumbayo, atapereka notisi, atapita kukhoti, kenako masherifi n'kubwera ndi chikalata cha khoti chodindidwa. Alamu anu si eni nyumba, alibe chigamulo, ndipo si masherifi. Akadzabwera ndi anyamata kuti athyole loko kapena atulutse katundu panja, musalimbane nawo pakhomo. Itanani aneba aone, wina ajambule pafoni, inu mupite kupolisi ku Victim Support Unit.

Komabe amene akundidetsa nkhawa kwambiri si alamu anu. Ndi chete amene alipo pakati pa inu ndi eni nyumba.

Ndikanama ndikakuuzani kuti mwamuna akamwalira lendi imangosamukira yokha m'dzina la mkazi. M'mabuku a Malawi Housing mukadali dzina la munthu amene kulibenso, ndipo inu simukudziwika. Mukangokhala, wina adzakuyambirirani kukafika ku ofesi ndi nkhani yakeyake. Ndiye sabata ino lembani kalata yowadziwitsa za imfayo ndi kupempha kuti dzina pa nyumbayo lisinthidwe likhale lanu. Nenani nambala ya nyumba, zaka zomwe mwakhalamo, maina ndi zaka za ana, ndi momwe muzipezera ya lendi. Muphatikizepo fotokope ya chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, chiphaso chanu cha unzika, umboni wa ukwati ndi marisiti a lendi a miyezi yapitayi. Ngati simunapange ukwati wa kutchalitchi kapena kwa DC musade nkhawa. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chinkhoswe mofanana ndi enawo, choncho kalata ya ankhoswe a mbali zonse ziwiri, yochitiridwa umboni ndi amfumu, ikuthandizani. Ankhoswe akuchimuna muwapeze msanga, mitima isanatembenuke.

Kalatayo ikhale pawiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni tsiku lomwe ailandira, mubwerere nayo. Anthu amaiona ngati nkhani yaing'ono. Mayi wina anandipeza ku ofesi atanyamula jumbo yodzaza mapepala, marisiti a zaka zambiri atawamanga ndi mphira, ena atadyedwa ndi mphemvu m'mbali. Anali atapitako kanayi kwa eni nyumba kukafotokoza za imfa ya amuna awo, koma kanayi konseko pakamwa pokha. Nditawafunsa kuti analankhula ndi ndani, anati, "Bambo wina wamagalasi, wa pawindo lachiwiri." M'jumbo yonseyo munalibe pepala limodzi losonyeza kuti anapemphapo kanthu. Tinachita kuyambira pachiyambi.

Lendi musadumphitse. Ngongole ya lendi ndi chifukwa chomwe khoti limachimva mosavuta, ndipo ikakula umasiye sukutetezani. Ngati mwatsalira kale, lipirani yomwe mungathe, n'kulemba kalata ina yopempha kuti yotsalayo muzibweza pang'onopang'ono. Alamu akati akuthandizeni, landirani ndalamayo m'manja mukalipire nokha. Ndinaonapo wachibale akulipira lendi miyezi itatu mwaulemu wonse, kenako n'kutulutsa marisiti omwewo ngati umboni woti iye ndi amene wakhala akusamala nyumba. Muwauzenso alamuwo kuti ngati cholinga chawo n'kuikamo munthu wina kuti azitolera lendi yokwera, mgwirizano wa Malawi Housing suloleza kubwereketsanso nyumba. Zikadziwika nyumba imalandidwa, ndipo odikira nyumbazi ndi ambiri moti sigona usiku ilibe woifuna. Aluza iwo, muluza inu, aluza ana a m'bale wawo.

Nanga akakukanirani kusintha dzina? Apa mpomwe pamathandiza kuti mwini nyumba ndi bungwe la boma osati landilodi wamba. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu woti nkhani yake iyendetsedwe motsata malamulo ndi mwachilungamo, komanso kupatsidwa zifukwa molemba pamene chiganizo cha ofesi chakhudza ufulu wake kapena zomwe amayembekezera moyenera. Choncho "sizitheka, Mayi" wa pawindo si yankho. Pemphani kalata yonena chifukwa. Ndi kalatayo mutha kukadandaula kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, komwe salipiritsa, kapena kupempha bwalo lalikulu la milandu kuti liunikenso chiganizocho. Njira yachiwiriyi ili ndi malire a nthawi: miyezi itatu kuchokera tsiku la chiganizo. Maloya a mbali inayo adzanena kuti iyi ndi nkhani ya lendi wamba, yosafunika kuunikidwa motero, ndipo mtsutso umenewo si woti muulowe nokha. Legal Aid Bureau, yomwe inayamba ntchito mu 2015, ilipo chifukwa cha anthu osakwanitsa kulipira loya. Pitaniko kalata yokanayo ikangofika, osadikira kuti masherifi agogode.

Musanachite zonsezi, fufuzani m'chikwama cha mapepala a malemu. Malawi Housing inagulitsako nyumba zina kwa anthu okhalamo. Mukapezamo kalata yowapatsa mwayi wogula, kapena marisiti olembedwa kuti ndi ogulira osati a lendi, nkhani yasintha: nyumbayo, kapena ndalama zomwe analipirapo, ndi chuma cha masiye. Ngakhale zitatero alamu sapezapo kanthu, monga muonere apa.

Za firiji ndi kanema. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates Act, linabwera chifukwa cha khalidwe lomweli. Gawo 17 likunena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake n'cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iyeyo. Odalirawo lamulo linawatchula: makolo a malemu amene ankathandizidwa ndi iye, kapena mwana wamng'ono amene malemu ankamulipirira sukulu. Apongozi anu ngati ali moyo ndipo ankadya za mwana wawo, ali ndi gawo, ndipo musawamane. Mchimwene wamkulu wa ndevu zake, wa banja lakelake, mulibemo. Gawo lomwelo likuti katundu wa m'nyumba, yemwe banja limagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, amatsala ndi wamasiye. Mipando, mabedi, mapoto, firiji, kanema, zonsezo sizilowa n'komwe pa zogawana. Ndipo gawo 84 likuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende, kuphatikiza kubweza zomwe munthu watenga.

Ine sindingakuthamangitsireni kupolisi mawa m'mawa. Awa ndi atate awo aakulu a ana anu, mudzakumana nawo pamaliro ndi paukwati moyo wonse. Lembani mndandanda wa zomwe zatengedwa, tsiku lake ndi amene anaona. Tumani ankhoswe akawauze kuti zibwere pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo awauze mosabisa zomwe lamulo likunena. Ambiri akamva za zaka 10 amakumbukira msanga kuti ankangosunga. Akakana, pamenepo pitani kupolisi ndi mndandanda wanu.

Chimodzi chomwe amayi ambiri safuna kumva, koma ndi bwino muchimve kwa ine: ngati malemu anasiya mwana kwina, lamulo limamuwerengera chimodzimodzi ndi anu atatuwo. Silifunsa kuti anabadwira m'banja kapena kunja.

Simunatchule za penshoni, pomwe mwati malemu ankagwira ntchito pakampani. Mwina ndalama yeniyeni yosungira nyumbayi ili kumeneko. Kuyambira mu 2011 lamulo linakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni, bwana kusonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, komanso kuwalipirira inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ndalama zimenezi sizidutsa m'manja mwa achibale pa msonkhano wa pabwalo. Zimapita kwa anthu amene malemu anawalemba pa fomu ya kuntchito. Pitani kwa oona za antchito pakampanipo ndi chikalata cha imfa, mufunse dzina la kampani yosunga penshoniyo ndi amene analembedwa pa fomu. Mukaona kuti akukuzungulitsani, madandaulo a penshoni amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Koma ndalama za kubanki m'dzina la malemu, zimenezo kawirikawiri zimafuna kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha masiye, ndipo ofesi ya DC kapena ya Administrator General, yoona za chuma cha masiye, ikuuzani poyambira. Musasainire pepala lililonse lopatsa alamu udindo umenewo chifukwa choti mwatopa.

Pa Mtukula Pakhomo sindikupatsani chiyembekezo chabodza. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006, n'kufalikira m'maboma onse 28, ndipo inakonzedwera mabanja pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena amene munthu mmodzi wamphamvu akusenza anthu oposa atatu. Umasiye pawokha sulembetsa munthu. Ndiponso mizu yake ili kumidzi. M'mizinda thandizo la ndalama lakhala likubwera mwa kanthawi, monga la nthawi ya Covid mu 2021, pomwe mabanja ena mu Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu. Kukafunsa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu sikulakwa, makamaka pa za fizi ya ana, koma bajeti ya lendi musaimange pamenepo.

Nkhani ya mayi anu ndiyo ili ndi pogwira. Mtukula Pakhomo imayendera ndondomeko ya boma, choncho munthu sangapite kukhoti kukanena kuti ndilembeni basi. Koma munthu amene analembedwa kale n'kumalandira sachotsedwa mwakachetechete; gawo 43 lija limamuteteza iyenso. Choyamba dziwani ngati anachotsedwadi. Nthawi zina dzina limakhala lilipo, vuto n'kukhala la chiphaso, dzina lolembedwa mosiyana ndi la pa chiphasocho, kapena simu khadi yolandirira yomwe inatsekedwa kapena ili m'manja mwa mdzukulu amene akudya ndalamazo mwakachetechete. Pakapita zaka amaunikanso mabanja, ndipo ena amatuluka pamenepo, koma ayenera kuuzidwa. Mayi anu, kapena wowayimira, ayambire ku komiti ya m'dera yoona za pulogalamuyi, apemphe kuti dandaulo lilembedwe pa fomu. Pakapanda yankho apite ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kwa DC atanyamula khadi lawo la Mtukula Pakhomo ndi chiphaso, afunse kuti dzina lawo likuoneka bwanji mukompyuta, ndipo ngati linachotsedwa, chifukwa chake chilembedwe. Kukakanika kumeneko, Ombudsman yemwe uja. Wina akawauza kuti dzina libwerera akapereka kangachepe, kapena kuti ndalama ikabwera azigawana ndi wakutiwakuti, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo n'cha a Anti-Corruption Bureau.

Kumapeto kwa kalata mwanena kuti alamu anatenga kiyi wina wa chitseko chakumaso nthawi ya maliro ndipo sanabweze. Gulani loko wina lero musinthe, risiti yake muiike pamodzi ndi mapepala enawo.