Kodi anthu a ku America amaukonda mpira wa miyendo? Yankho kwa achimwene a ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Akuti anakangana ndi mnzawo atangomaliza kuonera mpira wa Arsenal pa vidiyo sho ya kwawoko. Mnzawoyo amati anthu a ku America alibe nawo ntchito mpira wa miyendo. Iwo amati zimenezo n'zakale, poti Messi ali ku Miami, Temwa Chawinga akugoletsa zigoli ku Kansas City, ndipo World Cup ya 2026 anaipereka komweko. Anamaliza ndi funso ili: "Inu amene mukukhala kumeneko tiuzeni zoona. Mpirawu amaukonda kapena ayi? Nanga ngati amaukonda, bwanji timamva kuti ndalama za pa wailesi ya kanema zimathera ku masewera ena?"

Zikomo achimwene chifukwa cha funsoli. Inu ndi mnzanuyo nonse mwalasa, koma mbalame zake n'zosiyana. Kuukonda mpira ndi nkhani ina, ndipo ndalama zimene makampani a kanema amalipira kuti auonetse ndi nkhani inanso. Kuno okonda mpira alipo ambiri zedi, vuto n'lakuti ndi omwazikana, ndipo ndalama za pa kanema zimalondola anthu amene asonkhana pamodzi nthawi imodzi.

Ndiyambe ndi mbali ya mnzanuyo, chifukwa manambala ali kumbali yake. Kuno mukati football amamva masewera ena, aja osewera ake amavala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza mapewa, mpira wake wooneka ngati papaya. Wathuwu amautcha soccer. Kumapeto kwa 2023 bungwe la Gallup linafunsa anthu kuti atchule masewera amodzi amene amakonda kuonera kuposa ena onse. Pa anthu 100 alionse, 41 anatchula mpira wa chipapayawo, 10 baseball, 9 basketball, ndipo mpira wa miyendo anautchula 5 okha. Chaka chomwecho, pa mapulogalamu 100 a pa kanema amene anaoneredwa kwambiri m'dziko lonse, 93 anali masewera a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa chipapayawo. Ndime yotsiriza ya ligiyi, imene amaitcha Super Bowl, inaoneredwa ndi anthu oposa 127 miliyoni mu February 2025. Yerekezerani ndi fainolo ya World Cup ya 2022, ija Argentina inapambana France pa mapenate ku Qatar: kuno anaionera anthu pafupifupi 26 miliyoni, kuphatikiza oonera m'Chingerezi pa Fox ndi oonera m'Chisipanishi pa Telemundo.

Ndalamazo zikutsata njira yomweyo. Mu 2021 NFL inasaina mgwirizano wa zaka 11 ndi CBS, NBC, Fox, ESPN komanso Amazon, wa madola pafupifupi 110 biliyoni, kutanthauza madola 10 biliyoni pa chaka. Mu 2024 ligi ya basketball ya NBA inapeza madola pafupifupi 76 biliyoni pa zaka 11. Nanga MLS, ligi ya mpira wa miyendo imene Messi akuseweramo? Mu 2022 inagwirizana ndi Apple pa madola 2.5 biliyoni kwa zaka 10, ndiye kuti 250 miliyoni pa chaka. Ndalama za pa chaka za mgwirizano wa 2022 umenewo muyenera kuzichulukitsa ka 40 kuti mufike pa za NFL.

Mukaimira pamenepa mkangano watha, mnzanu wapambana. Koma musagonje msanga, achimwene, bwerani ndikuonetseni Loweruka lina m'mamawa.

Nthawi imene ku England ili hafu pasiti thwelofu masana, ku New York ili hafu pasiti seveni m'mawa, ndipo ku Los Angeles tambala amakhala asanalire n'komwe. Tsiku lina m'nyengo yozizira mnzanga wa kuntchito ananditengera kumalo ena omwera zakumwa amene amatsegula m'bandakucha chifukwa cha mpira wa ku England. Kunja kunali kudakali chimdima, chisanu chili mbee pamagalasi a magalimoto. Titalowa tinapeza mwadzaza, anthu atavala majezi ofiira pamwamba pa majuzi, ambiri atagwira makapu a khofi. Panali mayi wina ndi kamwana kake ka kumanja, katavekedwanso jezi. Chigoli chitalowa anthu analumpha, khofi kutayikira patebulo, nyimbo za ochemerera a ku London kuimbidwa ndi anthu amene ena mwa iwo sanapondeko ku London. Ndikutuluka dzuwa litakwera, ndinadutsa pa mabwalo a ana a sukulu: timatimu ta atsikana ndi anyamata tikuthamangitsana ndi mpira, makolo atandandalika m'mphepete pa mipando yopinda. Madzulo a tsiku lomwelo, kusitolo kumene ndimagula ufa wa chimanga, eni ake ochokera ku Mexico anali maso pa kanema, akuonera ligi ya kwawo.

Mwaona pamene pagona nkhani? Magulu atatu onsewa ndi okonda mpira wa miyendo, koma aliyense maso ake ali kwina. Wina ali ku Premier League pa NBC, wina ku Liga MX ya ku Mexico m'Chisipanishi, wina ku La Liga pa ESPN, wina akudikira Champions League pa CBS Lachiwiri masana anthu ali pantchito, wina ndiye wa MLS pa Apple. Anthu amene makolo awo anachokera kumaiko olankhula Chisipanishi ndi oposa 60 miliyoni kuno, pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse, ndipo ambiri mwa iwo mpira anayamwira. N'chifukwa chake pa World Cup ya 2018 ndi 2022 Telemundo inalipira madola pafupifupi 600 miliyoni, kuposa Fox imene inalipira 425 miliyoni kapena kuyandikira pamenepo. Kanema wa Chisipanishi kulipira kwambiri kuposa wa Chingerezi m'dziko la America, pamenepo pokha pakukuuzani amene ali eni mpirawu kuno.

Ganizirani tsiku la msika. Wogulitsa kaunjika amalolera kulipira thiransipoti ndi chiphaso chifukwa akudziwa kuti tsiku limenelo anthu a midzi yonse yozungulira akhala pamalo amodzi. NFL ndi tsiku la msika la dziko la America. Timu iliyonse mwa matimu 32 imasewera masewera 17 okha m'ligi, ambiri mwa iwo Lamulungu, kuyambira September mpaka January. Poti ndi ochepa, alionse ndi ofunika, ndipo anthu amaonera nthawi yomweyo, sadikira kudzaonera mawa. Wotsatsa malonda a galimoto, mowa kapena inshuwalansi akudziwa kuti palibenso kwina kumene angapeze khamu lotere. Pa Super Bowl ya 2024 malonda a masekondi 30 okha ankagulidwa madola pafupifupi 7 miliyoni. Mpira wa miyendo uli ngati maokala ambirimbiri omwazikana m'makwalala: ogula alipo tsiku lililonse, koma palibe okala imodzi imene ingatchule mtengo wa msika wonse.

Ndinayesa kuphatikiza maokalawo. NBC imalipira Premier League madola pafupifupi 450 miliyoni pa chaka, pa mgwirizano wa 2.7 biliyoni wa zaka 6. CBS imapereka 250 miliyoni pa chaka chifukwa cha mipikisano ya makalabu a ku Ulaya. ESPN inagula La Liga pa 1.4 biliyoni kwa zaka 8, ndiye 175 miliyoni pa chaka. Onjezanipo 250 miliyoni ya MLS. Zonse pamodzi zangodutsa biliyoni imodzi pang'ono, ndipo pa ndalama zimenezi 875 miliyoni imaoloka nyanja kupita ku Ulaya. Ichi ndicho chimandiwawa ndikamaganizira MLS. Ligi ya Mangalande ikudya zambiri pa kanema wa ku America kuposa ligi ya eni dziko. Chifukwa chake n'chosabisika. Munthu wa kuno akamaonera NFL, NBA kapena baseball amadziwa kuti akuona akatswiri oposa onse padziko lapansi, ali pakhomo pake pomwe. Pa mpira wa miyendo akatswiriwo ali ku Ulaya, ndipo kuno ambiri amabwera mphamvu zitayamba kutha. Pelé anabwera ku New York Cosmos mu 1975, mabwalo anadzaza, koma ligi ya nthawiyo inagwa pakati pa zaka za m'ma 1980. Beckham anafika ku LA Galaxy mu 2007, Messi ku Inter Miami mu 2023 ali ndi zaka 36. Aliyense anakweza mbiri ya ligi, koma munthu mmodzi sangasinthe kumene mitima ya anthu inamangirira kale.

Pali chinanso chimene anthu amachiiwala, ndicho kapangidwe ka masewera enieniwo. Tsiku loyamba kuonera NFL kunyumba kwa aneba anga ndinadabwa. Osewera akangothamanga masekondi ochepa, woimbira waimitsa. Timu ikagoletsa, malonda. Akaumenya mpira kuyambiranso, malonda. Wina akavulala, malonda. Masewera amatenga maola atatu, koma nthawi imene mpira ukuyendadi ndi mphindi 11 kapena kupitirirako pang'ono. Eni nyumbawo sankaona vuto, imeneyo inali nthawi yotenga chakudya ndi kucheza. Kwa kampani ya kanema mipata imeneyo ndiyo munda wake. Mpira wathuwu ukayamba umayenda mphindi 45 osaima, ndipo wotsatsa malonda amadikira nthawi yopuma, pamene theka la oonera lanyamuka pampando. Kukoma kwa mpira wa miyendo, kuti suduka, ndiko kumautsitsa mtengo kuno. Ine sindingafune kuti zimenezi zisinthe ngakhale ndalama zitachuluka bwanji.

Za mgwirizano wa Apple ndili ndi maganizo anga. Unapatsa MLS ndalama zodalirika, zoona. Koma pamene unayamba mu 2023 masewera ambiri anakhala kuseri kwa khomo lolipira. Wokonda kale mpira analipira. Koma uja amene akanangoupeza mwangozi akusinthasintha matchanelo Loweruka madzulo sanaupeze. Ligi imene ikukula imafunika kuoneka kwa anthu amene sanaiganizirepo, ndipo NFL, ngakhale ndi yolemera chotero, masewera ake ambiri amaonetsedwabe pa kanema waulere.

Tsopano mbali yanu, achimwene, chifukwa muli ndi mfundo zolimba. World Cup ya 1994 inachitikira kuno ndipo anthu oposa 3.5 miliyoni analowa m'mabwalo pa masewera 52, fainolo yake ku Rose Bowl, kuja Roberto Baggio anaponya penate m'mwamba Brazil n'kutenga chikho. MLS inabadwa kuchokera pamenepo, inayamba mu 1996 ndi matimu 10, ndipo pofika 2025 anali 30. NBC itayamba kuonetsa Premier League mu 2013 inalipira madola 250 miliyoni kwa zaka zitatu. Lero ikulipira kuposa kasanu pa chaka. Amalonda sataya ndalama chonchi pa chinthu chimene anthu sakuchifuna.

Ndipo pa mpira wa amayi, pamene mwatchula Temwa, America ndiye ali patsogolo. Lamulo la 1972 lotchedwa Title IX linakakamiza sukulu zolandira ndalama za boma kuti atsikana apatsidwe mwayi wofanana ndi anyamata, ndipo masewera analowa momwemo. Zipatso zake ndi zikho zinayi za World Cup, mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019. Fainolo ya 2015, pamene anathibula Japan 5-2, inaoneredwa ndi anthu oposa 25 miliyoni pa Fox pokha. Apa nkhani ija ya msika ikuonekanso bwino: timu ya dziko ikafika patali, maokala onse amatseka, anthu n'kusonkhana pamalo amodzi. Ligi ya amayi ya NWSL inkalandira madola 1.5 miliyoni pa chaka, koma mu 2023 inasaina mgwirizano wa 240 miliyoni kwa zaka zinayi ndi CBS, ESPN, Amazon ndi Scripps. Mu 2024 Temwa anagoletsa zigoli 20, kuswa mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse m'ligi. Timu yake ya Kansas City Current imasewerera pa bwalo la CPKC, limene linamangidwira timu ya amayi yeniyeniyo, la anthu 11,500. Pa bwalo lomwelo Barbra Banda wa ku Zambia anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Orlando Pride chikho cha chaka chimenecho. M'ligi imeneyi vuto lija la akatswiri kukhala kutsidya la nyanja ndi lochepa, chifukwa ambiri mwa akatswiri a dziko lapansi akusewera konkuno, ana athu ali pakati pawo.

World Cup ya 2026 ili ndi matimu 48 ndi masewera 104, ndipo 78 mwa masewerawa ndi a m'mizinda ya ku America, fainolo ku MetLife Stadium ku New Jersey. Chiwerengero cha oonera fainolo sichingathetse mkangano wanu, chifukwa chikho cha dziko lonse chimakoka ngakhale amene sadziwa kuti ofusaidi n'chiyani. Ine maso anga ali pa zimene zimachitika chikho chikapita: kaya mwana uja wa pabwalo la sukulu akafika kunyumba akupempha bambo ake kuti amutsegulire timu ya mumzinda wawo kapena ya ku Manchester. Mgwirizano wa NBC ndi Premier League ukutha mu 2028. Mtengo umene makampani adzatchule pamenepo, mudzauyerekeze ndi umene MLS idzapeze pa mgwirizano wake wotsatira, kenako mudzandilemberenso.